Thole Lofiira M'khola la Ng'ombe Zakuda

Chaka changa choyamba pa ntchito

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntchisi munazimva mokwanira kwa agogo anu, ndipo iwo ankazikometsa kuposa mmene ine ndingathere. Ine ndiyambira pa tsiku lomwe basi inanditsitsa pa Mzimba boma, ndili ndi sutikesi imodzi, Baibulo, ndi kalata yonditumiza ku kachipatala kena kakum'mwera kwa bomali. Ndinali medikala asisitanti wongotuluka kumene kusukulu. Chitumbuka changa chinali mawu awiri, monire ndi yewo, ndipo ndinkawagwiritsa ntchito paliponse, ngakhale pamaliro. Mkulu wanga pantchito anali a Chirwa, bambo wamtali wolankhula pang'onopang'ono, amene ankaweta ng'ombe zochepa kuseri kwa nyumba yawo. Atandionetsa kabati ya mankhwala, yomwe mashelefu ake ambiri anali fumbi lokhalokha, anati, "Mbewe, kuno amatha ndi mankhwala, mabandeji ndi palafini wa firiji. Odwala satha. Uzidya m'mawa."

Mwezi wachinayi ndili kumeneko kunabwera mayi wina, NyaShaba, ndi mwana wamwamuna wa zaka ziwiri. Tizala take ta m'manja ndi ta kumapazi tinali titatupa, maso achikasu, zikhatho zoyera mbee, ndipo ankalira kulira kosatonthozeka. Pa khadi lake panaoneka kuti anali atalandira kale mankhwala a malungo katatu. Ndinakumbukira tsamba limodzi la m'buku la kusukulu lonena za sikoselo, nthenda ya magazi imene mwana amabadwa nayo. Ndinatumiza magazi ku boma, ndipo patatha milungu iwiri yankho linabwera logwirizana ndi ganizo langa. Ndisabise, ndinanyada. Mnyamata wa dzulodzuloli wapeza chimene ena anachiphonya katatu!

Pomwe ndinalakwa ndi apa. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Ukafuna kudziwa mtundu wa munthu umafunsa za mayi ake, amalume ake, agogo ake akuchikazi. Bambo ndi mkamwini, anachita kubwera pamudzi. Ndinakula choncho, ndiye nditakhala pansi kuti ndifunse mbiri ya banja, pakamwa panga panangotuluka mafunso a mbali imodzi. Kodi abale anu alipo angati? Alipo amene anamwalira ali wamng'ono? NyaShaba anakumbukira mlongo wake wina amene ankatupa chimodzimodzi. Ndinalemba zimenezo pa khadi, ndipo kudzera mwa mayi wokolopa amene ankandimasulira ndinati, "Nthendayi ndi yotengera, ndipo zikuoneka kuti kwanu iliko." Kuti mwana amadwala pokhapokha atatengera kwa makolo onse awiri ndinkadziwa, ndinayankhapo pa mayeso. Koma zinali m'buku, sizinali pakamwa panga. Za mwamuna wake sindinafunse ngakhale dzina.

Patatha miyezi iwiri mwana uja anabwera atam'bereka mayi wina wachikulire. Ndinafunsa kuti mayi ake ali kuti. Anandiyang'ana modabwa. "Tinawabweza kwawo. Si ndimwe munanena kuti nthenda anabwera nayo ndi iwo?" Tsiku limenelo ndi pomwe a Chirwa anandifotokozera bwino za kuno: mkazi amalowoledwa ndi ng'ombe, amakhala kwa mwamuna, ana ndi a kuchimuna, ndipo akamachoka amachoka yekha. Mawu amene kwathu sakanalekanitsa mayi ndi mwana wake, kuno anam'lekanitsa. Mwanayo anamwalira mvula isanathe, mayi ake ali kutali.

A Chirwa sanandikalipire. Loweruka lotsatira anandiitana kukhola kwawo n'kundilozera thole lofiira lomwe linkayamwa kwa ng'ombe yakuda bii. "Bambo wake ndi uyo," anatero, akuloza nkhunzi yakudanso bii. "Kufiirako kwachokera kuti?" Ndinati mwina kwa mayi. Anapukusa mutu. "Ng'ombe iyi ndinaikweretsapo kwa nkhunzi ina yakuda, matole onse akuda. Nkhunzi iyi yakwerapo ng'ombe zina, matole akuda. Koma ziwirizi zikakumana, nthawi zina kumatuluka kofiira. Zonse ziwiri zinabisa kufiira m'kati. Munthu aliyense woweta ng'ombe kuno amadziwa zimenezi. Iwe unafunsa khola limodzi, Mbewe."

Zaka za pakati

Kuchoka apo ananditumiza ku Euthini, kumene tsiku la msika mzere wa odwala unkafika mpaka pamsewu, kenako ku Chikangawa, kumene ndinasoka zala za ocheka matabwa zambiri kuposa zomwe ndingakumbukire, ndipo inu munaphunzira kuvala majuzi awiri nthawi imodzi. Ndinabwerera kusukulu n'kukhala kiliniko ofesa, ndipo pomaliza ndinakhazikika pa chipatala china cha mpingo kum'mwera kwa Mzimba, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Akuluakulu ndinaona osiyanasiyana. Wina ankatseka magolovesi m'kabati n'kupita ndi kiyi kumsonkhano. Wina, sisitere wa kunja, ankakolopa yekha wodi anthu akachedwa, kuti tichite manyazi. Chosowa chachikulu zaka zonsezo chinali magazi. Mwana akafika atayera, achibale ankathawa akamva zopereka magazi, ndipo kangapo konse anatipulumutsa ndi a Jafali, wamalonda wachisilamu wa pamsika, amene ankatseka golosale yawo n'kubwera kudzatambasula mkono osafunsa kuti mwanayo ndi wa mpingo uti.

Zaka zonsezi ndinali ndi chizolowezi chimodzi. Ndikakumana ndi nthenda yooneka ngati yotengera, ndinkatembenuza pepala n'kujambula mzere pakati: uku kuchikazi, uku kuchimuna, ndipo sindinkalemba kanthu m'kabuku ka wodwala mbali zonse zisanadzaze. Anzanga anandipatsa dzina loti a Mbali Ziwiri. Madokotala ophunzira kwambiri amene ankatiyendera ankaona ngati ndi kutaya nthawi, ndipo sindiwaweruza, chifukwa malungo, chifuwa chachikulu ndi matenda a masiku amenewo zinkatipha anthu tsiku ndi tsiku. Za chibadwa zinkaoneka ngati nkhani ya mayiko olemera. Chifukwa chenicheni cha chizolowezi changacho ankachidziwa ndi mayi anu okha. Pa pemphero lathu la m'mawa, akatha kutchula mayina anu, ankatchulanso NyaShaba, munthu amene sanamuonepo. Mwina munkadabwa kuti ndi mbale wathu uti. Mayi anu atatisiya, dzinalo ndinapitiriza kulitchula ndekha.

Disembala, kutatsala zaka zinayi kuti ndipume

Chaka chimenecho tinayamba kulandira dokotala wamkulu wa matenda a ana kamodzi pamwezi kuchokera ku chipatala chachikulu cha mumzinda. Anali Dokotala Malunga, mayi wachitsikana wa kum'mwera kwa dziko, wanzeru, wachangu, wokonda ana. Anabwera ndi tizipangizo tatsopano toyezera sikoselo, tofanana ndi toyezera malungo: kadontho ka magazi, mphindi zochepa, mizere n'kutuluka. Kupatula mzere wongosonyeza kuti kakugwira ntchito, munthu wopanda vuto amatulutsa mzere pa A, wodwala pa S, ndipo wongonyamula, amene sadwala koma angapatsire mwana, amatulutsa pa A ndi pa S pomwe. Kwa ine, amene kale ndinkadikira yankho milungu iwiri, chinali chozizwitsa. Tizipangizoto tinali tochepa, ndipo lamulo linali loti ndi ta ana odwala okha.

Lolemba lina m'mawa ndinapeza mayi atakhala pansi pakhomo pa ofesi yanga, mwana wamkazi wa zaka zinayi ali pamwendo. Anali NyaHara ndi mwana wake Tiwonge, amene tinam'thirapo magazi kawiri. Mwana wake woyamba anamwalira ali wamng'ono. Ankalankhula Chitumbuka, koma ndilemba m'Chichewa kuti nonse mumve. Ananena kuti sabata yathayo, ine ndili ku wodi, Dokotala Malunga anayeza Tiwonge n'kupeza sikoselo, anafunsa za abale, ndipo analemba m'kabuku kuti mlongo wa mayi anamwalira ali wamng'ono ndi zizindikiro zomwezo. Mwamuna wake, a Moyo, amagwira ntchito ku Joni ndipo anali atangofika kumene kudzadya Khirisimasi. Chingerezi amawerenga. Anawerenga kabukuko n'kukapereka kwa ankhazi ake, ndiye kuti mlongo wa malemu bambo ake, NyaMoyo, amene mawu awo ndiwo ankamveka pabanjapo.

"Adada," anatero NyaHara, "akuti Loweruka andiperekeza kwathu. Akuti ndabweretsa magazi oipa, mwana woyamba ndinapha ndine, uyu ndikupha ndine. Ana atsala. Nanga Tiwonge adzam'mwetsa mankhwala ndani? Adziwa ndani kuti akayamba kugwira mwendo chonchi ndiye kuti zayamba?"

Ndinamva ngati zaka zonse zija sizinadutse. Ndinam'pempha adikire, ndipo ndinaimbira foni Dokotala Malunga.

"Bambo Mbewe, ndinalemba zomwe mayiyo anandiuza. Kodi ndanama?"

"Simunaname, adokotala. Koma za kwa bambo munafunsa?"

"Bamboyo panalibe. Panja panali ana ambiri, galimoto ikundidikira. Ingowauzani kuti amatengera kwa onse awiri."

"Pepala lanena za mmodzi. Kuno pakamwa pa kiliniko ofesa sipangafafanize cholembera cha dokotala wamkulu. Ayenera kuona ndi maso. Ndiloleni ndiyeze makolo onse awiri."

"Mwatsala ndi tizipangizo tingati?"

"Titatu."

"Ndiye musatikhudze. Tina sindikudziwa kuti tibwera liti, ndipo omwe anatipatsa anati ndi ta ana okha."

Ndinati palinso china. "Tinene kuti ndamuyeza bamboyo n'kupezeka alibe. Munthu wokhala ku Joni pafupifupi chaka chonse. Mukudziwa kuti pali mitundu ina ya magazi imene kachipangizoka sikaiona, koma kumudzi adzamva chinthu chimodzi chokha, choti mwanayo si wake. Ndidzanene chiyani?"

Kenako anati, "Zimenezo sindinaziganizire." Ndinam'lemekeza chifukwa cha mawu amenewo, ngakhale chilolezo sanandipatse. Mkulu wa chipatala chathu nayenso anati lamulo ndi lamulo.

Ine si munthu wophwanya malamulo, mukundidziwa. Ndinalowa m'tchalitchi cha pachipatala nthawi ya nkhomaliro n'kukhala pa benchi ya kumbuyo. Kachipangizo kalikonse kogwiritsidwa ntchito pa munthu wamkulu wathanzi ndi mwana wodwala amene adzadikire. Zimenezo sindinazichepetse. Koma mwana woteroyo ndingayambe kum'samala poona zizindikiro, podikira kuyeza. Mayi akaperekezedwa Loweruka sabwereranso, ndipo zomwe zimachitikira mwana wa sikoselo wopanda mayi ndinaziona ndi maso anga. Ndinapemphera, ndinatuluka nditatsimikiza, koma ndinadziwa kuti mawu oyamba si anga. Ndinaitana NyaHara m'chipinda, muli ine ndi namwino wachikulire yekha, ndipo ndinam'fotokozera mosabisa kuti kuyeza mwamuna wake kungam'pulumutse, komanso kungam'bweretsere mlandu woposa woyambawu. Ndinati akakana, nkhani ithera m'chipinda momwemo ndipo ndidzayesa njira ina.

Anaseka kuseka kowawa. "Adada, mwanayu mphuno ndi ya ankhazi omwewo. Muyezeni. Muyeze ndi ine, aone."

Anabwera Lachinayi m'mawa: a Moyo atavala jekete lachikopa la ku Joni, NyaHara kumbuyo ndi mwana, ndi NyaMoyo, mayi wamfupi wonenepa, ambulera m'manja ngakhale kunalibe mvula. Ndinayamba ndi a Moyo paokha. "Kodi ndi DNA imeneyi?" anafunsa. Ndinati ayi, sindikufunafuna bambo wa mwana, ndikufunafuna kumene nthenda inadzera, ndipo ali ndi ufulu wokana, kapena womva yankho payekha. Anayang'ana pansi. Ndinaona kuti mnyamatayo mkazi wake ankam'funa, koma ankhazi ankawaopa kwambiri. "Alowe onse," anatero.

NyaMoyo sanadikire kuti ndiwapatse mpando. "Imwe adokotala, ndamva kuti ndinu Mchewa. Kwanu amuna amakakhala kwa akazi ngati nkhuku zobwereka, mbwenu mukufuna mutiphunzitse ife za banja? Mwana wa mlongo wanga muoneni. Munthu wonyamula matumba a simenti ku Joni! Akudwala pati?"

"Sakudwala, amama. Nanga mkamwana wanu NyaHara akudwala pati?"

"Ameneyo wabisa m'kati."

"Yewo, mwanena bwino. Kodi kwanu kuli ng'ombe?"

"Funso lanji limenelo kwa Mngoni?"

Ndinawafunsa ngati anaonapo thole lofiira lobadwa kwa ng'ombe yakuda ndi nkhunzi yakuda. Anati kangapo, ngakhale chaka chathachi. Ndinafunsa kuti zikatero amabweza ng'ombe yaikazi kwa mwini wake wakale kodi. Anati ayi, wopusa yekha ndiye angatero, kufiirako kumakhala kuli konsekonse. Atangotero anatseka pakamwa n'kundiyang'ana ndi diso limodzi. "Anthu si ng'ombe," anatero. Ndinavomera kuti anthu si ng'ombe, koma anazilenga ndi Mulungu mmodzi. Ndinawafotokozera tanthauzo la mizere ndisanabaye munthu, ndipo ndinawapempha abwereze, kuti pasadzakhale wonena kuti ndasintha nkhani pambuyo. Kenako ndinabaya chala cha NyaHara, ndinabaya cha a Moyo, n'kuika tizipangizo tiwirito pa tebulo moyandikana.

Mphindi zimenezo zinali zazitali kuposa milungu iwiri ija ya kale. Ndinkapemphera chamumtima, manja ndabisa pansi pa tebulo. Ka NyaHara kanatulutsa mzere pa A, kenako pa S. Ka a Moyo kanatulutsa pa A. NyaMoyo anayamba kukonza chitenje ngati munthu woti anyamuke atapambana. Kenako pa S panayamba kuoneka kamthunzi, kanada, kanakhala mzere weniweni. Tizipangizo tiwirito tinafanana ngati mapasa.

A Moyo anakanyamula n'kupita nako pawindo. Anakayang'ana nthawi yaitali. "Ankhazi," anatero, "ndi ine."

"Yayi! Kanthuka kamatulutsa mizere iwiri kwa aliyense. Yezani ine."

"Katsala kamodzi, amama, ndipo ndi ka mwana wodwala amene abwere mawa. Koma ndili ndi pepala." Ndinatembenuza pepala n'kujambula mzere pakati. Mbali ya NyaHara inali yodzaza kale. "Kwa bambo anu munabadwa angati?"

Anawerenga pa zala, natchula amoyo ndi omwalira. Atafika pa awiri ena mawu anatsika. Anali alongo awo aang'ono, anamwalira asanayambe sukulu. Ndinafunsa kuti ankadwala bwanji. Anatembenuka n'kugwira dzanja la Tiwonge, natembenuza tizala take. "Ankatupa umu," anatero. "Amama ankawafunditsa nsalu zotentha. Tinkati anawalodza amama aang'ono, mkazi wachiwiri wa adada. Amama aang'onowo anafa osalankhulana ndi munthu pamudzi." Ambulera inali itagwa pansi. Kenako anaimirira n'kuuza NyaHara mwaukali womwe uja, "Mkamwana, ukungoyang'ana chiyani? Ndipatse mwanayo ndim'bereke, iwe umvetsere za mankhwala. Loweruka kuli kupalira chimanga."

Ndinawafotokozera zotsala: kuti pa mimba iliyonse mwayi woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi, osati kuti akadwala mmodzi atatu otsatira apulumuka ayi, kuti palibe wolakwa, kuti Tiwonge akamamwa mankhwala ake, madzi ambiri, kugona mu neti ndi kufunda nthawi yozizira, angakule n'kupita kusukulu. Potuluka a Moyo ananyamula chikwama cha mkazi wawo, chinthu chomwe amayi a pamzere anachiona n'kuyamba kugwirana.

Januwale ndi miyezi yotsatira

Sabata yotsatira kunabwera ana awiri okayikitsa. Mmodzi ndinamuyeza ndi kotsala kaja. Winayo anadikira mpaka Febuluwale, ndikum'samala poona zizindikiro, ndipo masiku onsewo mtima wanga sunakhale pansi. Mulungu anam'sunga. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo, yoyamba ndi yomaliza pa ntchito yanga yonse. Ndinaisayina osatsutsa, chifukwa zomwe inanena zinali zoona.

Dokotala Malunga atabwera kumapeto kwa Januwale anatseka chitseko n'kupempha pepala lija. Analiyang'ana mbali zonse ziwiri. Ndinam'fotokozeranso za NyaShaba, kuti asaganize kuti ndikudziyesa wanzeru. "Bambo Mbewe," anatero, "ine ndaphunzira zaka zambiri. Za chibadwa tinaphunzira chaka chachiwiri, timabokosi tinayi pa bolodi, tinalemba mayeso, basi. Tsopano atipatsa zipangizo, koma palibe anatiphunzitsa kuti yankho ukalipeza umalinena bwanji, kwa yani, ndipo likafika kumudzi limachita chiyani. Si ine ndekha. Mubwere mudzalankhule ndi anzanga."

Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinakwera minibasi, tinadutsa Chikangawa tikukwawa kumbuyo kwa malole a matabwa, ine ndikubwereza mawu anga ngati mwana wa kalasi ya ubatizo. M'chipindamo munali madokotala akuluakulu a ana, a amayi, a maso, ochita maopaleshoni, anthu amene zaka zonse ndinkawalembera makalata otumiza odwala. Ndinayamba ndi kulakwa kwanga, kenako thole lofiira. Ena anaseka. Nditafunsa kuti ndani mwezi umenewo anafunsapo wodwala za kuchimuna ndi kuchikazi komwe, manja anakwera ochepa, ndipo kuseka kunatha. Kenako mafunso anayamba kugwa ngati matalala. Dokotala wa maso anati amaona amayi a ana achialubino atathawidwa ndi amuna, ndipo sanadziwe kuti ndi nkhani yomweyi ya thole. Dokotala wa amayi, bambo wa imvi, anati ali ndi apachibale atatu a mimba imodzi, onse khansa ya m'mawere. "Ana awo aakazi ndiwauze chiyani? Magazi nditumize kuti? Mmodzi anakayezetsa kunja, anabwera ndi mapepala, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinathe kuwawerenga."

Ndinati, "Adokotala, zimenezo ine sindidziwa. Ine ndimadziwa kufunsa makola awiri. Zotsalazo mukufunika mphunzitsi woposa ine." Bambo wa imvi uja anawomba m'manja yekha, kenako onse. Tsiku lomwelo anagwirizana kulemba kalata yopempha maphunziro a matenda otengera kwa madokotala amene ali kale pa ntchito. Dokotala Malunga anapita kukaphunzira zimenezo, anabwerako, ndipo lero ndi amene amaphunzitsa anzake. Pa chipatala chathu fomu ya mbiri ya banja inasindikizidwa ndi mzere pakati, ndipo tizipangizo titabweranso tinaloledwa kuyeza makolo, mayi atafunsidwa kaye payekha. Kalata yanga ya chenjezo sinafafanizidwe, ndipo sindinapemphe.

Chaka chopuma

Tiwonge ali ku pulayimale tsopano. Amadwalabe nthawi zina, makamaka mu Juni, koma mayi ake ali pambali pake. NyaMoyo anadzipatsa okha ntchito imene palibe anawalemba. Tsiku la kiliniki ya sikoselo amabwera ndi mdzukulu wawo n'kukhala pa benchi ya pakhomo, ambulera pamwendo, ndipo mayi aliyense wofika yekha ndi mwana amam'funsa mokweza, "Nkhunzi yili nkhu?" kutanthauza kuti nkhunzi ili kuti. Amuna ambiri a kuderalo anafika pa tebulo langa chifukwa choopa pakamwa pa mayi ameneyo. Anamwino anatengera funsolo, ndipo ndikumva kuti likufunsidwabe.

NyaShaba ndinam'funafuna nditapuma. Kumudzi kwawo anandiuza kuti anakwatiwanso kutsidya kwa malire, ndipo palibe amene anadziwa zambiri. Sindinathe kum'pepesa. Dzina lake ndikulitchulabe m'mawa uliwonse.

Chinthu chomaliza ndi chimene chandichititsa kulemba mutu uno, ndipo sindinakuuzenipo. Sabata yanga yomaliza pa ntchito, tizipangizo tili tokwanira m'kabati, namwino wachikulire uja anandiseka kuti, "A Mbali Ziwiri, mwabaya amuna a boma lonse, inuyo munayezetsa?" Ndinatambasula chala. Inatuluka mizere iwiri, pa A ndi pa S. Ndinakumbukira kamlongo kanga kamene kanamwalira ku Ntchisi ine ndili sitandade wani, kamene agogo anu sankakonda kukatchula. Zaka zonsezi ndinkajambulira anthu ena mzere pakati pa pepala, langa ndisanalitembenuze.

Mayi anu sitingawayezenso. Inu nonse atatu munakula athanzi, ndipo ndimathokoza Mulungu, koma mwina wina mwa inu ananyamula zomwe ndinanyamula ine. Si tsoka, si tchimo, ndipo si mlandu wa munthu. Tadala, Yamikani, Chisomo, mukabwera kuno ku Mzimba pa Khirisimasi mubwere ndi amuna anu ndi akazi anu, tidzapitire limodzi. Mudzapeza mayi wamfupi wa ambulera pa benchi. Akadzakufunsani funso lake musadzachite manyazi. Mudzawauze kuti nkhunzi yaikulu ya khola lino inayezetsa kale.